Lalanje Silidandaula

Jakisoni wanga woyamba ndinabaya lalanje,
m'kalasi ya pamwamba, ku Jaro,
fani ikuzungulira mwaulesi kudenga.
Lalanje silidandaula.
Madzulo ake ndinalisenda n'kulidya,
poti ndalama ya chakudya
inali itathera pa buku la mafupa.

Zaka zinayi.
Mayi anagulitsa njati yolimira ndi ndolo za paukwati.
Bambo ankayendetsa jipini mpaka agalu kutopa kuuwa.
Ine mayina a mankhwala ndinawamata pakhoma la bafa
kuti ndizisamba nawo.
Mayi Sumagaysay ankayang'ana zikhadabo zathu m'mawa uliwonse
ngati munthu wosankha miyala mu mpunga.
Ankati: dzanja kunjenjemera si mlandu,
mlandu ndi kulibisa m'thumba.

Munthu wanga woyamba anali Bambo Tiburcio,
msodzi wa ku Guimaras, khungu ngati ukonde wakale.
Ndinaphonya mtsempha. Ndinaphonyanso.
Kachitatu misozi inatseka njira.
Iwo anangotembenuza mkono winawo:
Mwanawe, nsomba sibwera chifukwa waithira misozi. Ponyanso.
Kadontho kofiira kanalowa mu singano,
ndipo ndinaganiza kuti ndafika.

Dzina langa linatuluka pa mndandanda wa okhoza.
Anandiveka kachipewa koyera, ndinanyamula kandulo,
mayi anaphika nkhuku ziwiri.

Kenaka envulopu ya khaki.
Makalata khumi ndi asanu ndi awiri,
zitseko za magalasi, alonda ondidziwa kale nkhope.
Muli ndi zaka ziwiri za ntchito?
Ayi. Kodi zimagulitsidwa msika uti,
ndikagule ngakhale theka?
Chipatala china chinati bwerani mudzathandize mwaulere.
Ndinathandiza miyezi isanu ndi umodzi.
Malipiro anga anali zikomo ndi nsapato zong'ambika.

Rhodelyn ali ku Riyadh.
Jomar amatumiza zithunzi atavala majekete atatu, akuseka.
Ine ndili pa nsanjika yachisanu ndi chitatu, usiku,
zomvera m'makutu, dzina langa Kate,
ndikupepesa kwa mayi wina wa ku Ohio
chifukwa firiji yawo yasiya kuzizira.
Ndalama imabwera pa tsiku lake.
Palibe amafera m'manja mwanga.

Izi sindinauzepo munthu:
usiku umene kamwana ka pa bedi lachinayi kanatisiya,
ndinakabisala m'chipinda cha mabulangete
n'kudya buledi yense amene ndinasungira m'mawa.
Sindinalire. Ndinali ndi njala basi.
Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa,
kodi ndinakonda odwala, kapena kachipewa?
Kapena ndege imene amati imadikira anamwino?
Kapena nkhope ya mayi pouza anzawo kumsika
kuti wanga uja ndi nesi?
Njati ija inagulitsidwa chifukwa cha yani?

Komatu maso anga samvera.
M'jipini ya mbandakucha, pobwerera kunyumba,
anthu agwira chitsulo chapamwamba, mikono ili pamtunda,
ndipo ine ndikuwerenga:
uyu mtsempha wake ndi msewu waukulu,
agogo awa ndi ulusi, afunika singano yaing'ono,
mnyamata uyo sanamwe madzi chiyambire dzulo.
Palibe wandituma.

Lolemba kunabwera uthenga.
Kachipatala ka m'mapiri a ku Antique,
mabedi makumi awiri ndi asanu, namwino mmodzi usiku,
mgwirizano wa miyezi isanu ndi umodzi,
malipiro theka la zimene Kate amalandira.
Yankhani pofika Lachisanu.

Lero ndi Lachitatu.
Yunifolomu ndaichotsa pansi pa sutikesi,
ikununkha chinyezi, kolala yachita chikasu.
Ndaichapa, osati chifukwa ndavomera,
koma chifukwa chovala sichiyenera kununkha chotero.
Yayanikidwa pakhonde, mikono ikulendewera,
mphepo ikuivala n'kuivula.

Mayi aika lalanje patebulo, osanena kanthu.
Ndaligwira nthawi yaitali.
Chala changa chikufufuza pa khungu lake
malo ofewa.